Liwiro la Pabwalo la Udzu

Ana anga, inu amene mukutsanzika Fomu 4 chaka chino mutathamangira sukulu zanu zaka zinayi zathunthu, senderani kuno ndikuuzeni za liwiro la masiku athu, pakuti nanenso ndidatuluka pachipata chotero mu 1972, ndipo ngakhale zambiri za m'kalasi zidafufutika m'mutu muno, bwalo lathu la zamasewero ndikulionabe mzere uliwonse.

Bwalolo tinkalikonza tokha. Mvula ikangokata, aphunzitsi ankatitulutsa tonse ndi zikwakwa ndi makasu, ndipo tinkatchetcha udzu, kusalaza timiulu ta chiswe, kuzula zitsa ndi kutola minga mosamala kwambiri, podziwa kuti mapazi odzapondapo ndi athu omwe, opanda nsapato. Mizere tinkayeza ndi chingwe n'kuithira laimu, ndipo laimu akasowa tinkatapa phulusa kukhitchini, kapena kuthira oyilo wakuda wotsala m'galimoto, amene fungo lake likasakanikirana ndi la udzu wongotchetcha linkatiuza kuti nyengo ya mipikisano yakwana. Kuzungulira kamodzi anali mayadi 440, kanayi n'kukwana mailo. Mamitawa tidawazolowera titakula kale. Odumpha m'mwamba ankalumpha nsungwi yopingasa pamisomali n'kugwera pamchenga wotuta kudambo, wosakaniza ndi utuchi wopempha kwa ocheka matabwa. Ukagwa udyo msana unkalira, koma unkadzuka, kusasa fumbi, n'kubwerera pamzere, paja tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

M'mamawa wa mwezi wa June, chisanu chikuluma zala, chitsulo chopachika pamtengo chinkatidzutsa kusanache, ndipo tinkadutsa m'minda yokololedwa kale, mapesi akutikanda m'miyendo, amayi opita kuchitsime akutipatukira njira ndi kutikuwira kuti tilimbe. Pobwerera tinkapeza phala la mgaiwa likufuka nthunzi. Mphunzitsi wathu anali bambo wofatsa, wa wezulo pakhosi, ndipo mnyamata akaphulika ndi liwiro lonse pozungulira koyamba ankangopukusa mutu n'kunena kuti kuthamanga sikufika. Kwa bambo ameneyo tidaphunzira kusunga mpweya, kutsata phewa la wotsogola, ndi kudikira pokhota pomaliza.

Nanga tsiku la mpikisano! Midzi yonse yozungulira inkatsikira pasukulu, mafumu atakhala pamipando kutsogolo, agogo pamphasa, ogulitsa nzimbe, zitumbuwa ndi mtedza wokazinga atandanda m'mphepete, ng'oma zikugunda mpaka m'chifuwa. Ukamaliza liwiro ankakuthira kagulukosi padzanja, ndipo unkanyambita pang'onopang'ono kuti kasathe msanga. Mphotho zinali sopo, kope, kapena thaulo ukachita mwayi, koma munthu unkapita nazo kwa amayi ako mutu uli m'mwamba. Ine mtima wanga unali pa mpikisano wopatsirana kamtengo, umene unkabwera dzuwa litapendeka, anthu onse ataimirira. Anayi amene tinkathamanga pamodzi tinkadziwana mpaka kapumidwe, moti dzanja unkalitambasulira kumbuyo osacheuka, ukudziwa kuti mnzako sakugwiritsa mwala. Zoti mutu umodzi susenza denga tidazimvetsa pamenepo, kusiyana ndi pamene tinkaziloweza m'kalasi. Opambana ankakwera lole, mphepo ikuwaomba, kukapikisana ndi sukulu zina, ndipo amwayi ankafika mpaka pabwalo la Kamuzu ku Blantyre, limene akuluakulu ena ankalitchulabe Rangeley.

Ngwazi zathu tinkangozimva pawailesi ndi pakamwa pa aphunzitsi. Abebe Bikila wa ku Ethiopia adapambana marathoni ku Rome mu 1960 alibe nsapato, ndipo nkhani imeneyo inkatichotsa manyazi ndi mapazi athu ong'aluka. Kipchoge Keino wa ku Kenya adatenga golide pa mamita 1,500 ku Mexico City mu 1968. Chaka chomwe tinkatsanzika sukulu, dziko lathu lidapita koyamba kumasewero a Olimpiki ku Munich, kumene John Akii-Bua wa ku Uganda adaswa mbiri ya dziko lonse pa mamita 400 olumpha zotchinga.

Chimene chimandiwawa mumtima mpaka lero n'chakuti ambiri a ife liwiro lidathera pachipata cha sukulu. Kunja kunalibe wotisonkhanitsa. Anyamata ena amiyendo yopepuka adalowa ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena adakwera ndege ya Wenela kupita kumigodi ku Joni, ndipo atsikana amene ankatisiya m'fumbi adalowa m'banja, osadzapondanso pamzere woyambira. Luso linalipo lochuluka, ndipo umboni wake tidauona Catherine Chikwakwa wa kuno kwathu atatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pampikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, ku Italy, mu 2004.

Inu muli ndi zimene ife sitinazilote: nsapato zamisomali, mafoni owerenga nthawi, ndi bwalo la Bingu ku Lilongwe limene lidatsegulidwa mu 2017. Ndimakondwera nanu. Komabe ndikamayenda ndimaona mabwalo ena a sukulu atamera thengo, pena atamangidwapo nyumba, masana onse atapita kumaphunziro apadera, ndipo kanthawi kotsalako mpira wamiyendo ndi wamanja n'kukalanda. M'mera mpoyamba, ndipo mwana amene sanaimepo pamzere ali wamng'ono sadzadziwa zimene miyendo yake ikadachita.

Tsono mukamaliza mayeso n'kubwerera kwanu, musapachike nsapatozo kudenga. Pitirizani kudzuka m'mamawa, funani anzanu othamanga nawo, ndipo kagogodeni kwa aphunzitsi aakulu a pulayimale ya kwanuko, muwapemphe chingwe, zikwakwa ndi ana. Laimu akasowa, phulusa lilipo.