Ndowa ya chimanga ija inali ya ndani?

Lero ndalemba zazitali, pezani pamthunzi kaye.

Sabata ino ma status adzaza ndi zithunzi za ana a kunja atavala zigoba kumaso, atanyamula timabaketi, akugogoda makomo kupempha maswiti. Mlongo wanga wandifunsa kuti kodi azungu nawonso ali ndi gule? Ndaseka, koma funsoli landikumbutsa Dowa. Ndipo ino ndi nyengo imene akapitawo a m'maesiteti amatsika kumtunda kudzakopa anyamata m'madooko mwathu, poti akudziwa kuti Novembala akafika makoka ambiri amapachikidwa.

Ndiyambe ndi za anawo. Mwambowu ndi wa pa 31 Okutobala, usiku wa Halloween. Mizu yake ili ku England, Ireland ndi Scotland zaka mazanamazana zapitazo. Masiku oyandikana ndi 2 Novembala, tsiku limene mpingo umakumbukira akufa, anthu osauka ankayenda khomo ndi khomo. Eni nyumba ankawapatsa timakeke, iwo n'kulonjeza kupempherera mizimu ya abale a pakhomopo. Ku Scotland ndi ku Ireland ana ankadzibisa nkhope, n'kuimba kapena kunena ndakatulo asanalandire kanthu. Anthu osamuka anapita nazo ku America ndi ku Canada, ndipo kumeneko, zaka pafupifupi 100 zapitazo, ndi kumene kunamveka mawu oti trick or treat, kutanthauza kuti tipatseni kanthu, apo ayi tikuchitani chipongwe.

Ifenso timazidziwa izi. Ndani sanayendepo m'makomo pa Khirisimasi kupempha Khirisimasi bokosi? Mwana aliyense ankadziwa khomo lophika mpunga ndi khomo la galu wolusa. Munthu wofuna ntchito ndi chimodzimodzi, amathamangira khomo lomwe wamva kuti limapatsa.

Mu 2018 ine ndinathamangira khomo lotere. Mwera unali utatizunza chaka chimenecho, usipa osaoneka. Kunabwera kapitawo wa esiteti ina ya fodya ya cha ku Mponela. Za malipiro sananene zambiri. Anangoyala zina: thiransipoti ndi ya bwana, nyumba ya bwana, ndowa ya chimanga, mchere, sopo, ukadwala bwana akutengera kuchipatala. Ndinafika kunyumba mtima uli m'mwamba. Bambo anali pansi pa mtengo akusoka ukonde. Anamvetsera zonse osadzutsa mutu, kenako anati, “Iwe, ndowayo ndi yokupatsa kapena yokubwereka?” Ndinayankha kuti, “Bambo, inu za kumtunda simuzidziwa.” Sanandiyankhe. Mpaka lero mawu angawo amandichititsa manyazi.

Dowa ndi dziko lokongola, osanama. Mapiri, madambo, mbatata ya kachewere, mphepo yozizira yoti mwana wa kunyanja agone atavala jekete. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi gule wamkulu maso ndi maso. Tsiku lina tikuchokera kuchigayo, chilombo chinatulukira panjira. Ine miyendo inachita kunjenjemera. Mnzanga wa komweko anandikokera pambali n'kunena kuti patuka, ponya kandalama pansi, usapereke pamanja. Ndinaponya, chinavina pang'ono, fumbi koboo, n'kumapita. Anzathuwa amaulemekeza mwambowu, amati ndi mizimu ya makolo, ndipo UNESCO inauzindikira mu 2005. Si Halloween ayi, osasakaniza. Koma ndinaona kanthu kamodzi: nkhope yabisika, inde, koma chimene ukupereka ukuchiona ndi maso ako, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Kwa bwana wanga nkhope inali poyera, yomwetulira bwino. Chobisika chinali kabuku.

Tinawokera fodya mvula itagwa, tinapalira, tinathyola, tinasoka, tinapachika m'chigafa mpaka manja kuda bii ndi utomoni. Mabelo anapita ku okushoni ku Kanengo. Ife dikirani, dikirani. Tsiku lowerengera litafika, bwana anatsegula kabuku kaja. Ndowa iliyonse ya chimanga inalembedwa, pa mtengo wa mwezi wa njala. Mchere unalembedwa. Sopo analembedwa. Feteleza, khasu, lole imene inatinyamula kunyanja, ngakhale njinga ya kabaza imene inanditengera kuchipatala nditadwala malungo. Atachotsera zonse, imene inatsala sinakwane ndi njinga yakale yomwe. Mnzanga wina wa ana atatu anauzidwa kuti iyeyo ndiye ali ndi ngongole, akhalenso chaka china.

Mwana wa msodzi sindinayenere kupusa chonchi. Nyambo ndi chakudya chenicheni, nsomba sinama ikaimeza. Vuto ndi chimene chili m'kati mwake.

Manyazi anandiletsa kubwerera. Ndinakwera mpaka ku Malomo, ku Ntchisi, n'kupeza ntchito yoyeza soya ndi mtedza pasikelo ya mayi wina wogula mbewu. Malipiro anali ochepa ndithu. Koma tsiku loyamba anandikhazika pansi n'kunena kuti, “Achimwene, nsima ya masana ndi yanga, sindidula. Chipinda ndimadula zakuti. Mukabwereka timalemba tonse awiri.” Agogo anga atamwalira, anandipatsa thiransipoti ndi sabata yathunthu, pamapeto a mwezi ndalama yanga inatuluka yosakhudzidwa. Ndinakhala nawo zaka ziwiri, ndipo wina atandikopa ndi ndalama yoposerapo ndinakana.

Ndipamene ndinamvetsa chifukwa chimene anyamata a pabwato la bambo sathawira kwa ena. Nsomba zichuluke, zichepe, aliyense amanyamula ya ndiwo asanayambe kugawa ndalama, ndipo ya ndiwoyo silembedwa paliponse.

Tsono inu amene mukuganiza zokwera mtunda, dziwani izi. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la za ntchito n'kuthetsa utenanti. Munthu wogwira ntchito pamunda wa fodya akuyenera kulandira malipiro ngati wantchito wina aliyense, osachepera pa mlingo umene boma limalengeza. Lamulo lomwelo limati wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8. Ukakhala pa penshoni, bwana amaika 10 peresenti ya malipiro ako, iwe 5 peresenti. Zimenezi si chifundo cha munthu, ndi zako kale. Wina akamakukopa nazo ngati mphatso, akukugulitsa mbuzi yako yomwe. Komanso lamulo kulembedwa ku Lilongwe si kuti lafika m'chigafa chilichonse, ndiye maso akhale anu.

Musanakwere lole, funsani zinthu zitatu. Pamwezi ndilandira zingati? Pa zimene mwatchulazi, zaulere ndi ziti, zodula ndi ziti, pa mtengo wanji? Tilemba pati, ndipo pepala langa ndisunga ndekha? Kapitawo akakwiya ndi mafunso amenewa, wakuyankhani kale. Paja safunsa anadya phula.

Nditabwerera kwathu ndinapeza bambo pansi pa mtengo womwe uja. Ndinakhala pansi n'kunena kuti, “Bambo, inali yobwereka.” Anangondipatsira mbali ina ya ukonde kuti ndigwire.

Tumizirani mnzanu amene walongedza kale chikwama.