Tidzakuimbirani, Bambo

Lero ndiloleni ndikuuzeni za foni imene sinalire.

Ntchito yanga itatha, ndinali ndi zaka 49, ana atatu ali pasukulu. Ndinaona m'nyuzipepala kuti kampani ina ku Limbe ikufuna kalaliki woyang'anira katundu, ntchito imene ndinali nditaigwira zaka 20. Ndinalemba kalata, ndipo anandiitana ku intavyu. Usiku wake magetsi anazima, amayi akunyumba nasita shati langa ndi simbi yamakala. Ndalama ya minibasi ndinachita kukongola kwa mkulu wa mpingo mnzanga, ndipo ndinanyamuka ku Zomba kusanache.

Anatiuza kuti tifike 8 koloko. Tinalipo khumi ndi awiri pabenchi, ambiri a msinkhu wa ana anga. Ine ndinalowa cha m'ma 2 koloko masana, m'mimba muli gwa. Kuseri kwa tebulo kunali anthu atatu. Mmodzi sanachotse maso pafoni yake. Wina anayang'ana imvi zanga nthawi yaitali kuposa mapepala anga. Mafunso anali anayi, ndipo mphindi khumi zisanakwane ndinamva mawu akuti, "Tidzakuimbirani, bambo."

Sabata inatha, mwezi unatha. Foni ndinkagona nayo kumutu. Ndikuulula pamaso panu kuti ngakhale m'tchalitchi, abusa ali pagome, dzanja langa linkapita m'thumba la jekete kukaifufuza. Pomaliza ndinamva kwa munthu wapadera kuti malowo analowapo kale wina.

Akanandiuza kuti ayi, ndikanalira tsiku limodzi n'kudzuka. Koma anthu akakhala chete, munthu umasanduka woweruza wa iwe mwini, ndipo woweruza ameneyo alibe chifundo. Kodi ndi zaka zanga? Kodi ndi Chingerezi changa? Kodi ndi nsapato zija? Usiku wina ndinafika podzifunsa ngati Mulungu naye wandiika pabenchi.

Wokondedwa, ukapeza nthawi uwerenge Mateyu 20. Ambiri timathamangira kumapeto, kumene onse analandira malipiro ofanana. Ine ndinaima pa anthu aja amene anali chiimire pamsika kufikira cha m'ma 5 koloko madzulo. Anawo sanali aulesi. Analawirira ngati anzawo, naona anzawo akutengedwa mmodzimmodzi, dzuwa nkupendeka iwo ali pomwepo. Mwini munda atafika, anayamba wawafunsa chifukwa chimene akhalira chiimire, namvetsera yankho lawo lakuti palibe anawalemba ntchito. Iye analankhula ndi anthu amene tsiku lonse palibe anawalankhula. Pamenepo ndinaona mtima wa Mulungu wathu.

Koma Mawu omwewo ananditembenukira. Ndinakumbukira kuti zaka zingapo m'mbuyomo seshoni inandiika m'komiti yofuna mlonda wa patchalitchi. Anabwera amuna asanu ndi awiri, ena wapansi kuchokera kutali. Tinasankha mmodzi, tinapemphera, tinabalalika. Asanu ndi mmodzi aja ndinawauza ndi pakamwa panga kuti tidzawadziwitsa, ndipo sindinatero. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinagwada ndi kulapa, pakuti lonjezo lija linali bodza, ngakhale ndinalinena ndi nkhope yachifundo.

Tsono inu amene Mulungu anakukhazikani kuseri kwa tebulo, kaya m'boma, kaya m'kampani, kaya mukufuna wantchito wa pakhomo: amene waima patsogolo panuyo mwina wakongola ndalama ya ulendo, ndipo kunyumba kuli mayi amene akumvetsera kulira kwa foni. Simungalembe onse, zimenezo n'zomveka. Koma uthenga waufupi wa pafoni mungathe kutumiza. Muuzeni kuti sizinatheke, ndipo ngati mungathe, muuzeni pamene anaperewera kuti akakonze.

Ndipo iwe amene ukudikira, digiri ili m'chikwama, usadziyese ndi chete wa anthu. Ine ndinakhala pakhomo chaka ndi miyezi iwiri, ndipo ntchito imene ndinaipeza inali yochepera pa yoyamba ija. Komabe ana anamaliza sukulu. Pitiriza kulemba makalata, ndipo usabisale kumlaga chifukwa cha manyazi. Bwera tidzapemphere nawe.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.