Ku Livingstonia pitani mvula ikangotha, tchire lisanapse

Anzanga a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akamva kuti ndimakhala ku Zolozolo, mumzinda wa Mzuzu, amaganiza kuti Livingstonia ili kuseri kwa nyumba yathu. Ayi ndithu. Kuchoka pa depoti ya Mzuzu kukafika pa Chitimba ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo mukatsika pamenepo phiri lenilenilo simunaliyambe n'komwe. Komabe funso lawo pa WhatsApp limakhala limodzimodzi: "Aise, tibwere mwezi uti?"

Ine ndimati Meyi, kuyambira pakati pake mpaka masiku oyamba a Juni. Ndakwerako phiri limeneli m'nyengo zosiyanasiyana, chifukwa msuweni wanga anaphunzira pa yunivesite ya kumeneko zaka zinayi ndipo ine ndinali wotumidwa wa pabanja, wonyamula ufa, sopo ndi mauthenga. Ndiye ngati muli ndi tchuthi chimodzi chokha pachaka, ndi kandalama komwe mwasonkha miyezi ingapo ku banki m'khonde, ndimvereni kaye musanalipire basi.

Livingstonia, yomwe eni dera amaitchula kuti Khondowe, ndi katauni kakang'ono m'boma la Rumphi. Kali m'mphepete mwa phiri, mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja ya Malawi. Munthu amapitira zinthu zitatu kumeneko: kuona nyanja ali m'mwamba, kuona mathithi a Manchewe, ndi kuyenda pakati pa nyumba zakale za njerwa zofiira. Nyumbazo zilipo chaka chonse. Koma nyanja ndi mathithi zimasintha ndi mwezi, ndipo msewu wokufikitsani kumeneko umasintha koposa.

Ngakhale kukhazikitsidwa kwa tauniyi kunali nkhani ya nyengo. Amishoni a ku Scotland anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, malungo n'kuwapha. Anasamukira ku Bandawe mu 1881, malungo n'kuwatsatira komweko. Mu 1894 Dr Robert Laws anakwera phiri kukamanga pa Khondowe, pofuna mphepo yozizira ndi malo a udzudzu wochepa. Mukatuluka thukuta la pa Chitimba n'kufika pamwamba madzulo, thupi lanu lomwe limakuuzani chimene mkuluyo ankafuna.

Tiyambe ndi dzinja, chifukwa ambiri amapeza mpata pa Khirisimasi kapena pa Isitala. Dziko limakongola, zimenezo sindikana. Mapiri onse amabiriwira, amayi amagulitsa bowa m'mbali mwa msewu, ndipo mu Disembala mango a kunyanja amatchipa mpaka kuchita manyazi kunenerera. Mathithi a Manchewe, omwe amagwa mamita pafupifupi 125 ndipo ndi aatali kuposa ena onse m'Malawi muno, amalira ngati chigayo cha dizilo, mumawamva musanawaone. Mukakhala ndi mwayi mudzaonanso nkhungu za panyanja, tizilombo tija timatuluka m'madzi muunyinji n'kuima ngati utsi wa sitima yomwe ikupsa. Kuziona uli pamwamba pa phiri n'kosiyana kwambiri ndi kuziona uli pagombe.

Vuto ndi njira. Msewu wa M1 ukamatsika ku Chiweta umadutsa m'mbali mwa phiri momwe miyala ndi dothi zimagumuka mvula ikachuluka, ndipo mumapikisana ndi mathiraki a mafuta ochokera ku Tanzania ndi ena a malasha. Ndiye pali Gorodi, msewu wakale wochoka pa Chitimba kukwera ku Khondowe: makilomita pafupifupi 15, makona 20 opindika ngati ndowe ya nsomba, mbali imodzi khoma la phiri, mbali inayo phompho. M'chilimwe umachititsa mantha koma umayendeka. Mu Febuluwale ndi Malichi dothi lake limaterera ngati therere, madzi amakumba ngalande pakati pa msewu, ndipo wakabaza wa njinga yamoto amakweza mtengo, ndipo ali ndi chifukwa. Tsiku lina mu Malichi ndinatsika njinga katatu kuti tikankhe. Pakona ina mnyamata wondinyamulayo anangozimitsa injini, nati, "Bwana, apa tiyende wapansi. Ine ndili ndi mwana wakhanda kunyumba." Sindinatsutse.

Ena adzakuuzani kuti masiku ano kuli msewu watsopano wochokera ku Njakwa, wodzera kumtunda, ndiye Gorodi mutha kumulambalala. Ndi zoona, ndipo ngati muli pagalimoto yanuyanu kapena mwatenga makolo okalamba, dzerani kumeneko. Koma msewu wabwino suchotsa chifunga. M'dzinja mtambo umatha kukhala pa Khondowe masiku awiri osasuntha. Mumaima pamalo pomwe anthu amajambulira zithunzi zija mumaziona pa Instagram, kutsogolo kwanu kuli mbuu, ngati mwayang'ana m'poto wa phala. Kumbukiraninso kuti kuno kumpoto mvula imachedwa kutha. Anthu a ku Lilongwe akamakolola mu Epulo, ife a ku Zolozolo timakhala tikuvulabe nsapato kuti tidutse matope popita kukakwera sakaramento. Isitala ku Livingstonia ndi juga.

Tsopano Okutobala. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo theka la Malawi limathamangira kunyanja. Misewu imakhala youma, Gorodi ndi fumbi lokhalokha, mvula palibe. Pamapepala ndi nthawi yabwino. Chaka china msuweni uja anatiitana pa tchuthi chimenechi, tinapita ndi amama. Titafika pamwamba anatitengera pamalo oonera nyanja, iye akunyadira ngati phirilo analimanga yekha. Amama anayang'ana, anapukuta magalasi ndi chitenje, anayang'ananso.

"Mwanangu, nyanja ija mumanenayi ili kuti?"

Nyanja inalipo, koma utsi unaiphimba. Kuyambira mu Ogasiti anthu amatentha tchire, ena posaka mbewa, ena pokonza minda, ena kungoyatsa basi. Utsi ndi fumbi zimadzaza mlengalenga mpaka mvula yoyamba idzazitsuke. Pofika Okutobala madzi ndi thambo zimasanduka chinthu chimodzi chotuwa, ndipo mapiri a ku Tanzania, omwe amaoneka tsidya lina la nyanja kukayera, amasoweratu. Manchewe nayenso amakhala ataonda. Kutalika kwake kuli pomwepo, koma madzi ndi ochepa, ngati mpopi wa ku Zolozolo m'mawa wa Loweruka. Ubwino umodzi wa miyezi imeneyi ndi masamba atsopano a mitengo ya m'nkhalango, omwe amaphuka ofiira ngati moto mu Seputembala. Amenewo ndimawakonda. Koma sindingauze munthu wa ku Ndirande kuti alipire basi ya usiku wonse chifukwa cha masamba.

Za Juni wakumapeto ndi Julayi ndinena mwachidule. Ife a ku Mzuzu kuzizira timakudziwa, timagona ndi sokosi. Ku Khondowe n'chimodzimodzi, kuwonjezapo mwera wochokera kunyanja womwe umalowa m'nyumba zakale zija ngati kwawo. Kumwamba kumatha kuyera bwino, koma masiku ena kamvula kowaza ndi nkhungu zimabwera osaitanidwa. Mukapita pa 6 Julayi tengani jekete lenileni, osati kajuzi kojambulitsira.

N'chifukwa chake ndimati Meyi. Mvula yangotha kumene koma nthaka idakali ndi madzi, ndiye mitsinje ndi yodzaza ndipo Manchewe akadali ndi mawu. Udzu ukadali wobiriwira, palibe amene wayamba kutentha. Mlengalenga mwatsukidwa miyezi isanu, moti m'mawa mumaona nyanja yonse mpaka mapiri a tsidya lija, ndi timabwato ta asodzi ngati nyerere pansi panu. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika pamadzi ngati tauni ina yomwe kulibe pamapu. Masana kumatentha pang'ono, usiku kumazizira pang'ono, bulangeti limodzi likukwanirani. Ndi nthawi ya masika: chimanga chachiwisi chikutha, mbatata ndi nzimbe zayamba, nthochi zili mbwee. M'mapiri a Phoka, omwe khofi wake amagulitsidwa ndi dzina la Mzuzu Coffee, zipatso za khofi zimakhala zikuyamba kufiira. Ndipo kalendala imatikomera: pa 14 Meyi ndi tchuthi cha Kamuzu Day. Chikagundana ndi Lachisanu kapena Lolemba, muli ndi masiku atatu osapempha abwana.

Meyi ndiyenso mwezi woyenda wapansi. Kukwera Gorodi ndi miyendo kumatenga maola atatu kapena anayi, kutengera mapapo anu, ndipo pali tinjira tachidule todula makona tomwe ana asukulu amakuonetsani. Mu Okutobala ulendo umenewu ndi chilango. M'dzinja tinjirato timaterera. Mu Meyi, mukanyamuka pa Chitimba 6 koloko m'mawa ndi botolo la madzi, mumafika ku Manchewe dzuwa lisanakwiye, ndipo pakona iliyonse mukacheuka nyanja imakhala itakula.

Pa Manchewe musangojambula n'kubwerera. Pali kanjira kotsikira kuphanga lomwe lili kuseri kwa madzi. Anthu a ku Phoka ankabisala m'mapanga amenewa pothawa nkhondo za Angoni zaka za m'ma 1800. Mumakhala pansi pa thanthwe, madzi akugwa patsogolo panu ngati katani, phokoso lake lotseka makutu, n'kumvetsa chifukwa chake mayi ankatha kubisala pano ndi mwana wolira osamveka kunja. Kanjirako n'kotsetsereka. M'dzinja ine sinditsikako, ndipo inunso musayerekeze chifukwa chofuna vidiyo ya TikTok. Anyamata a m'mudzimo amaperekeza alendo ndipo pamakhala kandalama kolowera. Perekani mosanyinyirika, ndi anthu omwewo amene amalambula njirayo.

Kuchoka pa mathithi kukafika m'tauni ndi makilomita pafupifupi 4. Tauniyo ndi yachete modabwitsa: msewu wa mitengo italiitali, nsanja ya wotchi, tchalitchi chachikulu chokhala ndi zenera la magalasi amitundumitundu losonyeza David Livingstone ndi anzake, chipatala cha David Gordon Memorial chomwe chathandiza anthu zaka zoposa 100. Nyumba ya Stone House, yomwe Dr Laws ankakhala, inamangidwa mu 1903 ndipo pano muli malo osungiramo zinthu zakale. Sukulu ya pano, Overtoun Institution, inaphunzitsa anthu omwe anagwedeza mayiko. Mmodzi ndi Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, yemwe anakayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Abale athu omwe ali ku Joni lero mwina sadziwa kuti Mmalawi anatsogolerapo zikwizikwi za antchito akuda kumeneko, ataphunzira paphiri limeneli. University of Livingstonia, yomwe inatsegulidwa mu 2003 pansi pa Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, ikupitiriza pamalo omwewo.

Chomwe ndimakonda kuonetsa anthu chili pa kapinga pafupi ndi Stone House. Mu 1959, boma la atsamunda litalengeza za State of Emergency, ndege inaponya uthenga pa mishoni kufunsa ngati azungu a pamenepo akufuna kusamutsidwa poopa anthu akuda. Anthu a pa mishoni, akuda ndi azungu, anakambirana, ndipo anayankha poyala pansi zilembo zikuluzikulu zoti woyendetsa ndege awerenge ali m'mwamba: Aefeso 2:14. Sanachoke. Zilembozo zilipobe. Vesilo mukaliwerenge nokha, Baibulo lili m'foni mwanumo.

Zogona zilipo za matumba osiyanasiyana. Kufupi ndi Manchewe kuli malo ngati Mushroom Farm ndi Lukwe, omwe anamangidwa m'mphepete mwenimweni mwa phompho, ndipo m'tauni muli malo ogona a mishoni ndi ena ang'onoang'ono. Imbani foni musananyamuke. Katauni n'kakang'ono, ndiye sabata yomwe kuli mwambo wa omaliza maphunziro ku yunivesite kapena msonkhano wa mpingo, mabedi amatha. Alendo ochokera kunja nawonso amachuluka kuyambira mu Juni mpaka Ogasiti, pomwe kwawo ali pa tchuthi, chomwe ndi chifukwa china chowatsogolera.

Ndalama tapani ku Mzuzu, ndipo zina zikhale zamanja. Netiweki imabwera n'kupita malinga ndi pomwe mwaima, ndiye musadalire kuti wakabaza mudzamulipira pa Airtel Money kapena Mpamba muli pakati pa phiri. Kambiranani mtengo musanakwere, funsani chipewa, ndipo ngati akufuna kukwezapo munthu wachitatu, kanani. Chitumbuka pang'ono chimatsegula mitima: "Monire" pofika, "Yewo" polandira chinthu. Anthu amamva Chichewa, koma amasangalala mukayesa.

Minibasi za ku Karonga zimayamba kunyamuka pa depoti ya Mzuzu m'mamawa. Kwerani yoyambirira, khalani mbali ya kumanja, chifukwa mukamatsika Chiweta nyanja imatulukira mbali imeneyo. Pobwerera, tsikani phiri isanakwane 2 koloko masana kuti mupeze galimoto pa Chitimba kukadali kowala. Chiweta si msewu wokwera usiku.