Phokoso lomwe ndinkalibisa ndi wayilesi

Bambo atamwalira anatisiyira ngongole ya feteleza ndi pikiapu yakale. Galimoto imeneyi ndiyo imatidyetsa. Kawiri pa sabata ndimanyamula mbatatesi ku Tsangano kupita nayo ku Lilongwe, ndipo fizi ya mlongo wanga imachokera momwemo.

Phokoso linayamba pang'onopang'ono cha kumbuyo, ngati njuchi zili patali. Ndikathamanga linkakwera, ndikachotsa phazi pa mafuta potsetsereka linkachita kulira. Ndinadziwa kuti likufuna ndalama, ndipo ndalamazo ndinalibe. Ndiye ndinkangokweza wayilesi basi.

Tsiku lina ndinatenga amalume pa Lizulu. Iwowa anakalambira m'galaja. Tisanafike n'komwe ku Dedza anati, "Tazimitsa wayilesiyo, mphwanga."

Pamalo popanda magalimoto anandiuza kuti ndikhotere pang'ono kumanzere, kenako kumanja. Phokoso silinasinthe. "Ikadakhala bering'i ya tayala, likadasintha pokhota, chifukwa kulemera kumapita mbali imodzi," anatero. Kenako anati ndiponde mafuta, ndisiye, ndipondenso. Apa mpamene linkasintha mawu. "Ndi difu imeneyi. Layamba liti?"

"Posachedwapa, amalume."

Anangondiyang'ana. Panali patatha miyezi itatu.

Difu ndi chibumu chija chili pakati pa matayala akumbuyo. Propshaft imazunguza giya yaing'ono yotchedwa pinion, iyo n'kuzunguza giya yaikulu, crown wheel, mphamvu n'kufika ku matayala. Ndiyonso imalola kuti pokhota tayala lakunja lizungulire msanga kuposa lamkati. Pinion imakhala pa mabering'i awiri, chonyamula crown wheel pa enanso awiri. Mabering'iwa akadyeka, magiya sakumananso bwino, kulira kuja n'kuyamba.

M'mawa mwake tinakhetsa oyilo kwa amalume. Anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka. "Madzi awa," anatero. Anandifotokozera kuti difu yotentha ikalowa mumtsinje imazizira mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera pa kapaipi kopumira kapena pa masilo otha. Ine dzinja lonse ndinkadula mitsinje ndi katundu wodzadza. Pa maginito a pulagi panali tizidutswa tachitsulo tonyezimira. Kaphala kosalala si vuto, koma tizidutswa totere ndi bering'i ikunyenyeka.

"Oyiloyu unasintha liti?"

Chimwalirireni bambo ndinali ndisanaganizeko zoti difu imafuna oyilo.

Tinamasula propshaft, kusolola mashafuti a matayala, n'kutsitsa difu. Mabering'i a pinion anali ndi timaenje ngati chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe. Mwamwayi mano a magiya anali asanadyeke. Ndinapempha kuti tisinthe iwiri yoonongekayo basi. Amalume anakana. "Zitsulo zija zadutsa monsemo. Ukufuna udzamasulenso mwezi wamawa?" Tinagula onse anayi ndi mphete zake, silo yatsopano, ndi kachitsulo kofinyika kokhala pakati pa mabering'i a pinion, komwe sikabwezeredwa kakale.

Kumanga ndiye kunandiphunzitsa kudekha. Nati ya pinion amaimanga pang'onopang'ono, akuyeza kulimba kwa kazunguliridwe kake. Ukapitiriza, bering'i imatentha n'kupsa, ukaperewera, imagwedera. Mpata wa pakati pa mano a magiya awiriwo sufika ngakhale theka la milimita, ndipo anauyeza ndi geji, osati ndi maso. Kenako anapaka utoto pa mano a crown wheel n'kuzunguza, kuti aone ngati chidindo chikugwera pakati pa dzino. Anamasula n'kukonzanso katatu. Ine mtima uli ku mbatatesi za makasitomala, iwo akungoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza tinathira oyilo wa 80W-90 mpaka anayamba kusefukira pa bowo lothirira.

Galimoto inakhala sabata yathunthu osayenda. Fizi inachedwa, ndipo ndinachita kukafotokoza ndekha kwa amayi kuti cholakwa chinali changa. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo anu ankagona pansi pa galimotoyi Loweruka lililonse. Mumayesa ankasewera?"

Amalume anandiuza kuti ndikadapitiriza, pinion ikadadya mano a crown wheel, kapena difu ikadatha kugwira ndili pa liwiro mu M1, matumba ali pamwamba.

Tizidutswa tija ndinatisunga m'kabotolo m'galimoto momwemo. Masiku ano ndikanyamuka ku Tsangano wayilesi imakhala yozimitsa mpaka nditafika pa tala, ndiyambe ndamva zomwe kumbuyo kukunena.