Monaco Isachotsedwe pa Formula 1

Chaka chilichonse mpikisano wa Monaco ukangotha, pamabuka anthu onena kuti ndi wotopetsa, uchotsedwe pa Formula 1. Dandaulo lawo lili ndi pogwira: mu 2024 madalaivala 10 oyambirira anamaliza mmene anayambira. Koma vuto si msewu. Njira yake sinasinthe kwenikweni kuyambira pa 14 Epulo 1929, pomwe Antony Noghès anakonza mpikisano woyamba mothandizidwa ndi Kalonga Louis II, William Grover-Williams n'kupambana pa Bugatti. Chomwe chakula ndi magalimoto. Mu 2017 anawakulitsa kufika mamita 2 m'lifupi, ndiye awiri angapitirirane bwanji pakona ya Fairmont, pomwe dalaivala amapotoza chiwongolero mpaka pothera, liwiro litatsika kufika makilomita pafupifupi 50 pa ola?

Ena amati Monaco amangousungira mabwana a maboti odula ali padoko aja. Ndalama zilipodi, koma si ndalama zomwe zinapambanitsa Ayrton Senna ka 6, kapena kumuthandiza kutsekereza Nigel Mansell mu 1992, Mansell ali ndi galimoto yaliwiro kuposa yake komanso matayala atsopano. Msewuwo ndi wa makilomita 3.337, amauzungulira ka 78, zitsulo zotchinga zili pafupi kukhudza tayala. Ukalakwitsa pang'ono palibe pothawira. Mu 1955 Alberto Ascari anagwera m'madzi a padoko ndi galimoto yomwe. Pa vuto la kukula lija, malamulo a 2026 achepetsa mulifupi wa magalimoto kufika mamita 1.9. Ndi pang'ono kwambiri, a FIA, omwe amakhazikitsa malamulowa, awachepetsenso.