Loweruka limene kunabwera ana anayi

Tsiku lina Loweruka masana, mu February chaka cha 2023, ndinaima pabwalo la mpira la komboni ina m'chigwa cha Honde nditanyamula mipira itatu, wezulo ndi kope la mayina. M'kopemo munali mayina a ana 22, koma pabwalo panali ana anayi okha. Mitambo inali itaphimba phiri la Nyangani, ndipo mtima wanga unali utada chimodzimodzi. Ndinali nditaganiza kale zowauza kuti abwerere kwawo.

Chimene chinandiletsa ndi matope amene anali m'miyendo ya mnyamata wamng'ono pa onsewo. Iyeyu amakhala kutsidya kwa mtsinje wa Pungwe, ndipo anali atayenda ulendo wopitirira ola limodzi. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Akochi, tiyamba nthawi yanji?"

Tinayamba nthawi yomweyo. Ndinayeza kabwalo ka mapazi 20 m'litali ndi 15 m'lifupi, n'kuika zitini ziwiriziwiri kuti zikhale magolo. Poyamba atatu ankapatsirana mpira mmodzi ali pakati kuyesa kulanda, ndipo wolandidwa ndiye ankalowa pakatipo. Kenako anasewera awiriawiri, lamulo lake lili lakuti munthu asaugunde koposa kawiri asanapatsire mnzake. Mphindi zinayi zilizonse ndinkawapumitsa, chifukwa m'masewero otere mulibe poti mwana n'kubisala kuti apezeko mpweya. Pomaliza aliyense anamenya mpira ndi mwendo umene sauzolowera.

Ndinaona zimene ndinali ndisanazionepo. Ana akakhala 11 mbali iliyonse, mwana wamanyazi amatha mphindi zambiri osaugunda mpira, ndipo akuluakulu matupi ndiwo amalamulira. Apa mpira unkabwerera kwa aliyense kawirikawiri. Ndinazindikira kuti mtsikana amene ndinkamuika kumbuyo chifukwa cha kufatsa kwake amayamba wadzutsa mutu asanalandire mpira, luso limene anzake ambiri alibe. Kwa miyezi isanu ndinali ndisakulidziwa, ngakhale ndinkadzitcha mphunzitsi wake.

Mkwiyo wanga pa ana amene sanabwere unatha nditayendera makomo awo sabata yotsatira. Kuyambira November mpaka April tiyi amaphuka kwambiri, ndipo wothyola amalandira malinga ndi kulemera kwa masamba ake pasikelo. Kholo silingachoke msanga m'munda nyengo imeneyi. Choncho mwana ndiye amalera ang'ono ake, kutola nkhuni ndi kuteleka ndiwo. Ena amasenza nthochi kupita kumsewu kumene malole opita ku Mbare Musika ku Harare amadikira. Mnzanga amene amaphunzitsa ana kumaesiteti a ku Chipinge akuti kwawonso bwalo limachita zii miyezi yomweyi. Ine ndinaika nthawi ya masewero poyang'ana tsiku limene ndimapuma kuntchito, osafunsa makolo.

Sikuti anthu a kuno sakonda mpira. Agogo athu amene anachoka ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi ankadzaza mabwalo a m'makomboni Lamlungu lililonse. Achikulire amakumbukirabe timu ya Tanganda, imene inkasewerera ku Mutare ndipo inatenga chikho cha Castle Cup mu 1993. Amatchulanso Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo ochokera ku Malawi, amene anakafika ku Manchester City mu 2008.

Koma panali khomo limodzi limene nkhani yake sinali ya tiyi. Mnyamata wa pamenepo ndiye ankamwetsa zigoli zambiri m'timu yathu, ndipo anasiya kubwera Khirisimasi isanafike. Agogo ake aakazi anandiyalira mphasa n'kundiuza mosabisa kuti, "Aphunzitsi, mwanayu alibe chiphaso chobadwira. Anzake akamapita kumpikisano wa masukulu iye amatsala. Ndiye azithamangiranji?" Okonza mipikisano amafuna chiphasocho pofuna kutsimikiza zaka za osewera, ndipo sindingawadzudzule. Vuto ndi lakuti mayi ake a mwanayo, amene anamwalira, analibenso chitupa. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza kuti munthu wobadwira muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC monga Malawi, ndi nzika yobadwira muno, malinga ngati ankakhala muno. Komabe lamulo sililemba lokha dzina la mwana m'kaundula. Pamafunika mboni, kalata ya kusukulu kapena ya amfumu, ndiponso ndalama ya basi imene gogo wothyola tiyi saipeza mosavuta.

Ndinawapempha agogowo kuti amulole mwanayo azibwera pamene tikulondola za mapepala. Anati aganizapo.

Titakambirana ndi makolo, tinasamutsira masewero ku Lamlungu masana anthu akaweruka kutchalitchi, mpaka nyengo yothyola itapepuka. Ndinayambanso kulemba mapulani awiri m'kope langa: ina ya ana ambiri, ina ya ana osapitirira asanu ndi mmodzi. Lamlungu loyamba kunabwera ana asanu ndi anayi. Mnyamata wopanda chiphaso uja anaima patali pansi pa mtengo wa mapeyala, manja ali m'thumba. Popeza ana anali osakwanira kugawa pakati, ndinamukodola kuti mbali imodzi ikupelewera munthu. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anavula masilipasi.