Majini a M'mutu mwa Mbewa

Mdzukulu wanga amene akuphunzira udokotala ku Blantyre anabwera pa tchuthi mwezi wa Ogasiti, nandipeza pakhonde ndikusoka mphasa. Atagwada n'kundipatsa moni, anatulutsa foni. "Agogo, paja inu ndinu katswiri wa mbewa. Tandiuzani, ichi n'chiyani?" Ndinasendeza magalasi pamphuno. Chinali ngati nyemba yong'ambidwa pakati, chodontherera timaanga tonga inki ija tinkalembera kusukulu. Ndinapukusa mutu.

"Ndi ubongo wa mwana wa mbewa amene sanabadwe, agogo. Pamene pali timaangapo ndi pamene majini akugwira ntchito."

Singano inandipulumuka m'manja. Mawu akuti majini ndinali nditawakwirira pamodzi ndi mwana wanga mu 1992.

Iye anaseka, osadziwa kuti waponda pabala. Anati si majini a asing'anga ayi, ndi liwu lachizungu lotchula timalangizo tolembedwa m'kati mwa thupi, timene mwana amatengera kwa bambo ndi mayi ake. Munthu ali nato pafupifupi 20,000, mbewa nayonso chimodzimodzi, ndipo tambiri n'tofanana. Sitiyaka tonse nthawi imodzi. Ubongo ukamaumbika m'mimba, kena kamayaka kutsogolo, kena kunkhongo, kena kamayaka masiku owerengeka n'kuzima, ngati mmene nyumba za pamudzi zimasonkhera moto madzulo, iyi uko, iyi kuno. Ku Seattle, m'dziko la America, kuli malo ofufuzira otchedwa Allen Institute, amene anakhazikitsa Paul Allen wa makompyuta uja mu 2003. Pofika 2006 anali atamaliza mapu a ubongo wa mbewa yaikulu. Kenako anatsata majini oposa 2,000 pa misinkhu yosiyanasiyana, kuyambira mbewa ili ndi masiku 11 m'mimba mpaka itabadwa n'kukula. Bere la mbewa n'la masabata atatu okha. Kaubongoko, kosakwana theka la galamu, amakalenga mopyapyala kuposa tsitsi, n'kukapaka mankhwala amene amadetsa pokhapo pamene jini ili maso, n'kujambula. Anatinso mbewa zake si zathu zam'munda zino, ndi timbewa takuda toweta m'nyumba, tosadziwa una. Zithunzizo aliyense akhoza kuziona pa intaneti osalipira, ngakhale kuno kwa Mpama, pakhonde la nkhalamba yosoka mphasa.

Mitu ya mbewa imene ndinatafuna pa moyo wanga sindingaiwerenge. Kale kuno kunali tchire. Kuchokera pamudzi pathu kukafika m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu unkadutsa m'tsekera wokubisa munthu wamkulu. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, ife anyamata tinkanyamula makasu m'mamawa, nkhungu isanachoke paphiri. Tinkadziwa una wa kapuku ndi una wa mende pongoona dothi lapakhomo. Wina ankakumba, wina ankadikira pambuli, chifukwa mbewa yochenjera simanga nyumba ya khomo limodzi. Ukakumba chitute unkapeza nkhokwe yake ya mtedza ndi nandolo, n'kulanda zonse. Anzathu achisilamu sankadya, koma ankabwerabe kudzatigwirira makasu, akutiseka. Madzulo tinkaziwaula, kuzitumbula, kuziphika ndi mchere mpaka madzi ataphwa, n'kuzipana pampani. Lero tchire lija ndi minda yotalika ngati mphasa iyi, malire ake chinangwa, ndipo ana amagula mbewa m'mbali mwa msewu ngati mandasi.

Mwana wanga wachiwiri anali ndi zaka zinayi pamene malungo anamulowa m'mutu. Anagona masiku atatu osatsegula maso, thupi likugwedezeka ngati nkhuku yodulidwa khosi. Tsiku lachinayi anadzuka, mudzi wonse unalulutira. Koma amene anadzukayo sanali yense. Mwana amene ankayimba nyimbo za amayi ake pamtondo anatsala ndi mawu osakwana khumi. Patapita miyezi anayamba kugwa khunyu.

Apa ndi pamene liwu lija linalowa m'nyumba mwanga. Ena ankati ali ndi majini, ena ankati alamu anga anamuika m'chizimba cha chigayo. Ine, amene ndinafika Sitandade 6 ndipo ndinkawerenga mawu kutchalitchi, ndinagulitsa mbuzi ziwiri kupita nazo kwa munthu wina kutsidya la mtsinje, amene anamutema mphini pachipumi n'kumufukiza utsi. Alamu anga sindinawalankhule mpaka anamwalira, maliro awo ndinakhala kumbuyo ngati mlendo. Mwanayo tinamupatulira mbale yake ndi chikho chake, poti ankati malovu ake amapatsirana. Amayi ake okha ndi amene ankadya naye mobisa kukhitchini. Ndinkadziwa, ndipo ndinkayang'ana kumbali.

Malo amodzi okha amene anzake sankamuthawa kunali kosaka mbewa. Anali ndi khutu. Ankagona chafufumimba, khutu pansi, n'kuloza pamene masa ali, ndipo sankaphonya. Akabwera ndi mpani wake ankauika pamiyendo panga osanena kanthu, akumwetulira mbali imodzi.

1992 chinali chaka cha chilala. Chimanga chinauma chisanamasule, ndiwo kunalibe, mbewa zinasanduka nyama ya mudzi wonse. Tsiku lina anyamata anatentha kathengo kamene kanatsala kudambo. Matenda aja anamugwira moto uli pafupi. Anzake anali pomwepo, asanu, ndipo palibe anamukhudza, chifukwa ife akuluakulu tinawaphunzitsa kuti wakhunyu akagwa sagwiridwa. Anathamanga kudzandiitana. Anakhala masiku awiri.

Ndinamufotokozera mdzukulu wanga zonsezi koyamba, ngakhale kuti manda a amalume akewo amawadziwa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiuza zimene sindinkadziwa. Zaka zomwezo mwana wanga akudyera m'mbale yayekha, ku chipatala cha Queen Elizabeth, ulendo wosakwana maola awiri pa basi ya nthawi imeneyo, Dokotala Malcolm Molyneux ndi Dokotala Terrie Taylor anali atayamba kale kufufuza malungo a m'ubongo mwa ana. Mu 1989 anatulutsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana imene mpaka lero madokotala a m'maiko ambiri amaitchula dzina la Blantyre. Mu 2008 kunabwera makina a MRI oona m'mutu osaung'amba, ndipo mu 2015 anasonyeza kuti ana ambiri amene amafa, ubongo wawo umatupa mpaka kupanikiza pamene pamayendetsa mpweya. Opulumuka ena amatsala ndi zipsera m'kati, ndipo khunyu limachokera pa zipserazo. Silipatsirana. Pali timapiritsi totsika mtengo timene timaligoneka.

Ndinafunsa ngati mapu a mbewa aja akanamuchiritsa. "Ayi agogo, mapu sachiritsa. Amangosonyeza mmene nyumbayo imamangidwira, kuti ikagumuka tidziwe pamene pagumuka. Ubongo wa mwana wa zaka zinayi umakhala usanathe kumangidwa." Ndinamuthokoza chifukwa sanandinamize.

Ndinamupempha andionetsenso chithunzi chija. Anachikulitsa ndi zala ziwiri, ndipo ndinafunsa pamene pamakhala mawu. Anati mbewa ilibe mawu ngati athu. Ndinafunsa pamene pamakhala kumva. Anasakasaka, natembenuza zithunzi zingapo, n'kuloza kachigawo kakang'ono cham'mbali. Ndinaikapo chala changa, foni n'kuzima, poti batire linali litatha. Anapita kukatchajitsa kumsika, ine ndinatsala ndikufufuza singano yanga m'fumbi.